Mawu 3,000 anandibweretsera alendo ofuna njovu pakhonde

Asisi, imani kaye, musatumize ndalamazo. Ndangowerenga zimene mwalemba m'gulu muno, kuti munthu amene akufuna kukulemberani nkhani za pa webusaiti ya sitolo yanu ya mbewu akuti nkhani iliyonse ikapanda kufika mawu 2,500 Google sidzakuonani, mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa nyimbo yomweyo ndi imene inandidyera K6,000 ine. Mwinanso ndi munthu yemweyo, kaya. Dzina sinditchula, a admin angandithamangitse, koma amene munalipo m'gulu muno 2023 mukukumbukira mmene ndinalirira.

Ine mukundidziwa, kanyumba kanga ka alendo ndi ka zipinda zisanu ndi chimodzi, kuno ku Chipata, mbali ya msewu wa ku Mwami. Alendo anga ndi a bizinesi odutsa kupita ku Lilongwe, a maworkshop, ndi ena ogona usiku umodzi m'mawa nkupitirira ku Mfuwe kokaonera nyama ku South Luangwa. Kumapeto kwa 2022 kunabwera kamnyamata kochokera ku Lusaka, laputopu m'manja, nsapato zosongoka, Chizungu chotulukira m'mphuno. Kanandionetsa chithunzi cha mizeremizere, akuti amayi onani, nkhani zimene zimakhala patsamba loyamba la Google zimakhala ndi mawu oposa 1,400, ndiye ife tikalemba 3,000 tawapitirira onse. Mtengo 20 ngwee pa liwu limodzi, nkhani khumi. Werengani nokha. Ndinatenga ndalama ya chilimba, imene ndinati ndigulire matanki a madzi, nkumutumizira pa foni tsiku lomwelo.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti nambala ija sanaipeke. Ndi ya kafukufuku wa 2020 wa Backlinko, webusaiti yophunzitsa za kukweza masamba pa Google, anapeza mawu 1,447. Koma anabisa mbali ina, yoti ofufuza omwewo sanapeze kuti kutalika kwa nkhani ndi kumene kumaika wina pamwamba pa mnzake pa khumi oyambawo. Zili ngati kuona kuti anthu andalama ambiri ali ndi mimba zazikulu, iwe nkuyamba kumwa thobwa usana ndi usiku kuti mimba ikule ulemere.

Nkhani khumi zinafika pa masiku atatu. Mawu 30,000 pa masiku atatu! Ine ndinkati koma mwana uyu ndi wakhama. Sindinadziwe kuti ChatGPT, pulogalamu ija yolemba nkhani yokha, inali itangotuluka kumene Novembala yemweyo. Ndinawerenga ndime ziwiri za nkhani yoyamba, mbiri ya Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, azungu anabwera liti, mapiri ozungulira tauni, ndinatopa, ndinati ikani. Apa ndiye mlandu wanga, ndikuvomera. Mwamuna wanga anandifunsa kuti wawerenga zonse? Ndinamuyankha mwamwano kuti za intaneti azisiyire ine.

Ndiye linafika Lachisanu lija la mu Febuluwale, mawa lake kuli mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni. Inu a kuno mukudziwa mmene Chipata imadzazira sabata imeneyo, ngakhale khonde anthu amalipira. Ine ndinali nditakana anthu asanu ndi anayi chifukwa zipinda ziwiri zinasungidwa ndi banja lina la ku Blantyre, masiku atatu, dipoziti analipira kale. Mvula inagwa kuyambira masana, malaiti anapita cha m'ma 18, ndili ndi makandulo ndi tochi ya pafoni. Cha m'ma 21 galimoto inaima pageti, yodzaza matope. Anatsika bambo, mayi, ana atatu ndi agogo aakazi okalamba ndithu, oyenda ndi ndodo. Ndinawalandira bwinobwino, takulandirani, mwayenda bwanji, pa boda sanakuvuteni? Kamwana kakang'ono, mwina ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanali katavala kachipewa kakhaki, pakhosi kakolowekapo timagalasi toonera patali tapulasitiki. Kanandigwira chitenje nkufunsa kuti, anti, njovu zimabwera nthawi yanji? Ine ndinaseka. Ndinaseka ndithu asisi, ndinkayesa ndi nthabwala za ana. Bambo aja sanaseke. Anati mayi, galimoto yokaonera nyama inyamuka nthawi yanji m'mawa, tikufuna ya 6 koloko. Ndinati pepani bambo, nyama zake ziti? Anatulutsa foni, natsegula webusaiti yanga, dzina langa, chithunzi cha geti langa, nayamba kuwerenga mokweza. Kuti nyumba yanga ili pakhomo penipeni pa South Luangwa. Kuti alendo amamwa tiyi pakhonde akuona njovu zikudutsa kupita kumtsinje. Kuti usiku mumagona mukumva mvuu. Mvuu! Pano pamene chimene chimalira usiku ndi galu wa aneba ndi mathiraki opita ku Mchinji.

Pakhondepo panali azibambo anayi obwerera Nc'wala, zikopa zawo ndi zibonga atazitsamiritsa kukhoma, akumwa. Mmodzi anaseka mpaka kutsamwa, nati njovu ya pano ndi tambala uyo ali pamtengoyo. Onse gwaa kuseka. Mayi aja anayamba kukuwa kuti ndine wakuba, kuti asunga ndalama chaka chathunthu kuti agogo aone njovu asanamwalire. Kamwana kaja kanavula timagalasi nkuyamba kulira. Ine pakamwa gwa. Ndiwauze bwanji kuti ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 kuchokera pamene taimapa, usiku, mvula ili pakati, ndipo nyengo imeneyi makampu ambiri a m'tchire amakhala otseka? Agogo aja sanalankhule kanthu. Anangokhala pampando wonyowa uja nkumandiyang'ana. Ndinagwada pamatope pamaso pawo, mayi wa ana anayi ine, antchito anga akuona, ndikupepesa bodza limene sindinalembe ndipo sindinaliwerenge nkomwe. Ndinabweza dipoziti yonse, anagona ulere, m'mawa ndinawaphikira nkuwapezera dalaivala wodziwa msewu, mafuta ndinathira ine. Zipinda ziwiri zinagona zopanda munthu Loweruka ndi Lamlungu la Nc'wala. Patatha sabata anandipatsa nyenyezi imodzi pa Google, ndipo sindiwada, ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Usiku wa Lachisanu womwe uja ndinamuimbira mnyamata uja kasanu, foni yozima. Lolemba anayankha, ndipo mawu ake sindidzawaiwala. Akuti amayi musadandaule, zimenezo timalembera Google, anthu sawerenga. Akuti kuti akonze ndiwonjezere K1,500. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo. Sanapondepo ku Mfuwe, sadziwa kuti Luangwa ili mbali iti, anangouza makina kuti adzaze mawu 3,000 ndipo makinawo atasowa chonena anayamba kulota njovu. Ndiye vuto lolipira pa liwu limenelo. Mukamuuza munthu kuti ndalama yake ili pa kuchuluka kwa mawu, adzakuthirirani madzi mu ndiwo mpaka poto adzaze. Nditakhala pansi nkuwerenga zonse khumi ndinapeza mawu oti malo ogona abwino ku Chipata abwerezedwa ka 41 m'nkhani imodzi, koma nambala yanga ya foni ili pansi penipeni, ndipo njira yofikira pano palibe paliponse. Ndinamvanso kuti anagulitsa nkhani zomwezo kwa mayi wina wa ku Petauke, anangosintha dzina la tauni. Kaya kumeneko njovu zinafikako.

Ndipo musaganize kuti mwina pa Google zinathandiza. Miyezi yoyamba anthu ankalowa pang'ono, eya. Kufika Sepitembala 2023, pamene Google inasintha kasankhidwe kake pofuna kutsitsa nkhani zosathandiza anthu, mzere wa mu Search Console, chida cha Google choonetsa anthu olowa pa webusaiti, unagwa ngati chimanga chodyedwa ndi chiswe. Ndinali nditachotsa za njovu zokha, zinyalala zina zonse zinali momwemo.

Anandipulumutsa ndi mwana wa achimwene anga amene amaphunzira za kompyuta. Anabwera pa holide, anatsegula malangizo a Google enieniwo nkundimasulira. Muli funso loti, kodi mukulemba kuti mufike pa nambala inayake ya mawu chifukwa munamva kuti Google ili ndi nambala imene imakonda? Ndipo ayankha okha pomwepo kuti ayi, tilibe. John Mueller wa ku Google wanenanso kangapo kuti kuchuluka kwa mawu si chinthu chimene amayang'ana poika masamba pamndandanda. Ngakhale kanyali kobiriwira ka Yoast, kapulogalamu koyeza nkhani mu WordPress yopangira mawebusaiti, kamene kamafuna mawu osachepera 300, ndi lamulo la amene anapanga Yoast, si la Google. Ndipo mu Malichi 2024 Google inalengeza poyera kuti kutulutsa nkhani zambirimbiri zongofuna kukwera pamndandanda, kaya walemba ndi munthu kaya makina, ndi spam, kutanthauza zinyalala zosaloledwa.

Mwanayo anandifunsa funso limodzi: anti, anthu akaimba foni amafunsa chiyani? Ndinati amafunsa kuti ku Mfuwe ndi kutali bwanji, akwera chiyani, anyamuke nthawi yanji, ndalama atenge kuno kapena akazipeza konko. Analemba zomwezo, mawu 350 okha, yankho pamzere woyamba, nambala yanga pamwamba. Anachepetsa zithunzi kuti tsamba lizitseguka msanga, chifukwa munthu ali pa boda ndi bandulo ya K5 sadikira. Anakonzanso Google Business Profile, tsamba la bizinesi loonekera pa mapu a Google, kuika chizindikiro pamalo enieni pamapu, zithunzi za zipinda zenizeni, nthawi yotsegula geti. Zaulere zonsezo. Kankhani kakafupi kameneko mpaka lero ndi kamene kamachititsa kuti foni yanga izilira.

Tsono inu ndi sitolo yanu ya mbewu ndi mankhwala a m'munda, ganizani mlimi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene walemba pa foni kuti mbewu ya soya ikupezeka kuti ku Chipata. Ameneyo akufuna mtundu, mtengo, malo ndi nambala. Mizere khumi yakwana. Mukamuyambira ndi mbiri ya soya kuchokera ku China abwerera nkutsegula kwa mnzanu.

Komabe musandimve molakwa, sindikuti muzingolemba tinkhani tatifupi tokhatokha.  Ndipo kunena zoona nkhani imene imabweretsa anthu ambiri kuposa zonse pa webusaiti yanga ndi yaitali, mawu 2,200, ya mwambo wa Kulamba. Ndinailemba ndekha usiku unayi: kuti umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika ku Katete, kuti mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, munyamuke nthawi yanji kuti musatsekeredwe pamsewu, muvale chiyani, muime pati kuti muone Gule Wamkulu, ndi zimene simuyenera kuchita pamaso pa gule. Mwezi wa Ogasiti zipinda zimadzaza ndi nkhani imeneyo. Ndiye inunso za ntchemberezandonda musazilembe mizere khumi. Mlimi akufuna adziwe kuti aziona bwanji zikadali zazing'ono, ayang'ane pati pa chimanga, apopere nthawi yanji, asakanize bwanji, adziteteze bwanji popopera. Zimenezo zikafika mawu 2,000 zisiyeni zifike. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi nkhani zitatu zokha, osati khumi ngati ine.

Wolemba mupezeni ndithu ngati nthawi mulibe, si onse akuba. Koma mugwirizane mtengo wa nkhani yonse, osati wa liwu, theka poyamba theka mukawerenga. Abwere akhale m'sitolo tsiku limodzi amve zimene alimi amafunsa. Muwerenge mzere uliwonse, makamaka pa mlingo wa mankhwala, chifukwa ine bodza langa linangoliza mwana, lanu likhoza kupsereza munda wa munthu. Password ya webusaiti ndi Search Console zikhale m'dzina lanu, ine ndinavutika miyezi iwiri kuti ndilande zanga. Yesaninso kulemba zina m'Chinyanja, olemba m'chinenero chathu ndi ochepa ndiye mpikisano ulibe mphamvu, ngakhale alendo anga ambiri amafufuza m'Chizungu ndiye ine ndinasiya.

Munthu wanuyo mufunseni kuti akuonetseni pamene Google inalemba za mawu 2,500. Akayamba kuzungulira, nditumizireni nambala yake ku inbox ndione ngati ikuthera ndi manambala amene ndikuwadziwa. Ndathamanga, pageti pali galimoto.