Mayi, bwererani ku nsima, koma tengani kope

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa zaka 49, mphunzitsi wa kupulayimale. Andilola kuti ndiwayankhire pano, poti akuti anzawo ambiri ali ndi funso lomweli koma amangolisunga mumtima.

Msambo wawo unayamba kudumphadumpha chaka chatha. Tsopano thupi limangowatentha mwadzidzidzi, masana ali pa bolodi, usiku mpaka kudzuka kukasintha malaya ogonera. Mwana wawo wamkazi amene ali ku Johannesburg anawatumizira pa WhatsApp mndandanda wa zakudya zoti asiye kwa masiku 30: mkaka, mazira, buledi ndi zonse za tirigu, shuga, mtedza, tiyi, tsabola, ngakhale nsima. Akuti: "Lero ndi tsiku la khumi. Ndikungodya mbatata ndi masamba owiritsa. Mawondo alibe mphamvu, koma kutentha kuja kudakalipo. Ndilimbikire kapena ndisiye?"

Mayi, phikani nsima usiku uno, mudye ndi ndiwo zenizeni. Mwana wanu anatumiza mndandandawo chifukwa amakukondani ndipo zikumupweteka kumva kuti simukugona. Nzeru yake si yolakwika yonse ayi. Cholakwika ndi kuchuluka kwa zimene mwasiya nthawi imodzi, komanso zimene mukuyembekeza kuti kusalako kukuchitirani.

Kutentha kumeneku sikuchokera m'mimba. Kumachokera mu ubongo, pa kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamaonetsetsa kuti thupi lisatenthe kapena kuzizira mopyola. Homoni ya chikazi yotchedwa estrogen, imene imayendetsa msambo, ikayamba kuchepa, kachigawo aka kamakhala kachangu kwambiri. Thupi likangofunda pang'ono chabe, komwe kale simukanamva n'komwe, iko kamaona ngati nyumba yapsa. Mitsempha ya magazi ya pakhungu imatseguka, kutentha kumakwera kuchoka pachifuwa kupita m'khosi ndi kumaso, mtima umathamanga, thukuta lili chuchuchu. Nthawi zambiri pakapita mphindi zosaposa zisanu zatha, mwatsala ndi kuzizidwa. Amayi pafupifupi atatu mwa anayi alionse amakumana nazo akamasiya kusamba, ndipo ambiri amasiya ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55.

Tsono njira yosiya zakudya zina kenako n'kumazibwezera chimodzichimodzi inayambira kwa madokotala ofufuza zakudya zimene thupi la munthu limadana nazo, monga mwana amene amatuluka zidzolo akamwa mkaka kapena munthu wotupa milomo akadya mtedza. Kumeneko chakudyacho ndiye gwero la vuto, ndipo ukachichotsa vuto latha. Kwa inu gwero ndi estrogen. Mazira ndi chimanga sizinakulakwireni kanthu. Chimene chakudya chingachite ndi kukhala ngati munthu wokoleza moto umene makala ake alipo kale.

Zokolezazo, zimene amayi ambiri amatchula, ndi zochepa: tsabola, mowa, khofi ndi tiyi, chakumwa chilichonse chotentha kwambiri, ndi fodya amene si chakudya koma ndi woipa kuposa zonsezi. Tsabola ali ndi capsaicin, imene imanamiza minyewa kuti pali moto, n'chifukwa chake ngakhale bambo akadya kambuzi amatuluka thukuta pamphuno. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu ija. Za khofi, ofufuza a ku Mayo Clinic ku America anapeza kuti amayi okonda zakumwa za caffeine, chinthu chogalamutsa chimene chili mu khofi ndi tiyi, ankadandaula kwambiri ndi kutentha ndi thukuta la usiku kusiyana ndi anzawo. Onani kuti pa mndandanda wanu wonse uja, zimene zili pano ndi ziwiri zokha, tiyi ndi tsabola.

Sindikufuna kukulonjezani zambiri. Mu 2023 bungwe la ku North America la akatswiri a za kusiya kusamba, limene tsopano limatchedwa The Menopause Society, linaunika njira zochepetsera kutentha popanda mankhwala a mahomoni. Kupewa zokoleza ndi kusintha kadyedwe sanaziike m'gulu la njira zimene amalimbikitsa, chifukwa umboni wake ndi wochepa. Ine ndimamva mawuwa motere: palibe mndandanda umodzi wogwira kwa mayi aliyense. Koma kuti mayi mmodzi adziwe chimene chimamukolezera iyeyo, zimatheka, ndipo sizifuna ndalama.

Ndinaziona ndekha. Ndinagula kope la ana asukulu, ndinamangirira cholembera ndi ulusi, n'kuliika pansi pa pilo. Kutentha kukabwera ndinkalemba nthawi, kukula kwake (kochepa, kwapakati, kapena konyowetsa bulauzi), ndi chimene ndinali nditadya kapena kumwa ola lapitalo. Masabata awiri oyamba sindinasiye chilichonse. Nditawerenga masamba aja Lamlungu masana, ndinaona kuti tsabola amene ndinkamuganizira analibe mlandu. Mizere yochuluka inali cha m'ma 9 koloko usiku, nditangomaliza kapu yaikulu ya tiyi wakuda amene ndinkamwa ali nthunzi tolotolo nditakhala pafupi ndi mbaula. Ndinamusiya wa usikuyo, wam'mawa ndinapitiriza. Kutentha sikunathe, koma m'malo modzuka kanayi ndinkadzuka kawiri. Kwa munthu amene mawa lake ali ndi ntchito, kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Inunso yambani pomwepo. Bwererani ku kadyedwe kanu ka masiku onse, mulembe kwa masabata awiri. Kenako sankhani chinthu chimodzi chokha chimene kope likuloza, muchisiye kwa masabata awiri kapena atatu, zina zonse zikhale mmene zinalili. Mukatero chibwezereni kwa masiku atatu muone. Kubwezerako ndiye pamene pali yankho, ndipo anthu ambiri amapadumpha. Kutentha kumeneku kumasinthasintha pakokha, sabata ino kwambiri, yamawa pang'ono, moti m'kafukufuku wa mankhwala ngakhale amayi opatsidwa mapiritsi opanda mankhwala enieni amanena kuti zachepa. Mukasiya zinthu zisanu ndi zitatu pamodzi n'kupeza bwino, simudziwa chimene chathandiza, ndipo mumakhala mukuopa mazira zaka zambiri popanda chifukwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mwasankha tiyi kapena khofi, musadabwe mutu ukamapweteka masiku oyambirira. Ndi thupi limene linazolowera caffeine, ndipo zimatha pakapita masiku angapo. Yesaninso kumwa tiyi yemweyo atazizirako, chifukwa kwa ena vuto ndi kutentha kwa kapu, osati masamba ake. Ndipo musayambe kuyesa kwanu mu Okutobala m'nyumba ya malata n'kuyerekeza ndi zimene munalemba mu Juni. Lembani ndi nyengo yomwe, ndi tsiku limene mwakwiyitsidwa kuntchito, poti nkhawa nayo imakoleza.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa mndandanda uja ndi mafupa anu. Estrogen ikamachepa mafupa amayamba kupepuka msanga, ndipo iyi ndi nthawi imene thupi likufuna calcium, yolimbitsa mafupa, ndi zakudya zomanga thupi kuposa kale. Kusiya mkaka, mazira ndi mtedza pamodzi n'kudzimana pa nthawi yolakwika. Usipa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zisasowe pa mbale yanu. Nyemba, nandolo, bonongwe wotendera, chambiko mukachipeza, zonsezi zibwerere. Ndipo ngati mumamwa mankhwala a shuga, kudula chakudya mwadzidzidzi chonchi n'koopsa.

Pali kafukufuku mmodzi amene amayendayenda kwambiri pa intaneti, mwina mwana wanu anamuona. Mu 2021 gulu la Dr Neal Barnard ku Washington linafalitsa zotsatira za amayi 38. Theka la iwo anasiya zakudya zonse zochokera ku nyama, anachepetsa mafuta, n'kumadya theka la kapu ya soya wophika tsiku lililonse kwa masabata 12. Kutentha kwawo kwapakati ndi kwakukulu kunatsika ndi 84 pa 100 alionse. Nambala yake ndi yokopa, koma amayiwo anali ochepa, ankadziwa gulu limene ali, anasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo ambiri anatsikako thupi. Ngakhale amene sanasinthe kanthu kutentha kwawo kunachepako. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti amayiwa sanangochotsa, anawonjezera. Soya ali ndi zinthu zotchedwa isoflavones, zimene zimafanako pang'ono ndi estrogen, ndipo matupi ena amazigwiritsa bwino ntchito kuposa ena. Soya timalima tokha, ndipo phala la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya timalidziwa kuyambira kusikelo ya ana. Kuliyesa m'mawa kwa miyezi iwiri kapena itatu sikungakupwetekeni. Ngati munadwalapo khansa ya m'mawere, kambiranani kaye ndi dokotala wanu musanagule mapiritsi a soya a m'mabotolo. Kutsikako thupi kwa amene ali onenepa kwambiri, bungwe lija la The Menopause Society linakuika m'gulu la zothandiza, koma kutsika kwapang'onopang'ono, osati kwa mbatata ndi masamba owiritsa.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo kuti zidzatha liti. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN, amene watsatira amayi masauzande kuyambira m'ma 1990, anasonyeza mu 2015 kuti kwa amene zimawavuta pafupipafupi zimatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri ndi theka, ndipo kwa amayi akuda a kumeneko zinkafika zaka khumi. Sindikunena izi kuti mutaye mtima. Ndikufuna muone kuti ulendo wotalika chotere sungayendedwe ndi njala. Ngati kope lakuthandizani pang'ono koma simukugonabe, pitani kuchipatala mukanene mosabisa. Mankhwala a mahomoni ndiwo amachepetsa kutentha kuposa njira ina iliyonse, ngakhale si mayi aliyense woyenera kumwa, ndipo aliponso ena opanda mahomoni. Si nkhani yochititsa manyazi, ndipo si yongopirira chifukwa amayi athu anapirira.

Chinthu china musachichedwetse, Mayi. Kuno kwathu thukuta la usiku silichokera ku kusiya kusamba kokha. Ngati mukutsokomola kwa masabata awiri, mukuonda osadziwa chifukwa, kapena thupi likutentha kwa maola osati mphindi, kayezetseni TB ndi malungo, muwapemphenso aone chithokomiro ngati mtima ukuthamanga tsiku lonse. Ndipo mukadzatha miyezi 12 osasamba kenako n'kuona magazi, ngakhale dontho, musadikire mwezi wina.

Mwana wanu muimbireni, mumuuze kuti pa mndandanda wake mwatengapo tiyi ndi tsabola, ndipo muziyesa chimodzi pa nthawi. Pakatha masabata awiri mundilemberenso zimene kope lanena.