Mphoto ya Elliott Lieb ndi funso loti mwala sugumukiranji m'kati

Mphunzitsi wina wa physics kusekondale wanditumizira imelo. Akuti anawerenga kuti Elliott Lieb, katswiri wa masamu ndi physics wa ku yunivesite ya Princeton ku America, analandira mphoto ya ku Japan yotchedwa Kyoto Prize mu 2023, ndipo imodzi mwa ntchito zimene amatchuka nazo ndi yotsimikizira kuti zinthu sizigumuka zokha. Ndiye akufunsa kuti: "Zimenezi ngakhale mwana amaziona ndi maso. Masamu alowapo pati? Ana anga akandifunsa ndiwayankhe chiyani?"

Aphunzitsi, maso amaonadi kuti mwala uli chikhalire, koma chifukwa chake sanena. Ntchito ya Lieb ili m'gawo la statistical mechanics, limene limafunsa mmene tinthu tambirimbiri tosaoneka timapangira zimene timagwira ndi manja. Mukudziwa kale kuti m'magalamu 18 a madzi muli mamolekyu okwana 6 wotsatana ndi maziro 23. Palibe angawalondole limodzilimodzi.

Vuto lake nali. Maelekitironi amakokedwa ndi nucleus, phata la pakati pa atomu, ndipo quantum mechanics, physics ya tinthu tating'onoting'ono kwambiri, inafotokoza kale m'ma 1920 chifukwa chake atomu imodzi siifwafwanizika. Koma atomu imodzi si mwala. Mukaunjika tinthu N, kalikonse kamakokana kapena kukankhana ndi kanzake kalikonse, moti mapeyala amachuluka ngati N kuchulukitsa N. Ndani wanena kuti kukokanako sikungapambane? Kuti dziko likhale mmene tikulidziwira, mphamvu yomanga chinthu iyenera kukula molingana ndi N basi: ndowa ziwiri za madzi zikhale ndi mphamvu ya ndowa ziwiri. Kupanda apo, kuthira ndowa ina mu inzake bwenzi kukutulutsa mphamvu yophulitsa mudzi wonse.

Oyamba kutsimikizira kuti zili choncho anali Freeman Dyson ndi Andrew Lenard mu 1967. Umboni wawo unali wautali, ndipo malire a mphamvu omwe anapeza anali aakulu mopanda tanthauzo, ochuluka maziro pafupifupi 14 kuposa zenizeni. Mu 1975 Lieb ndi Walter Thirring wa ku Vienna anabweretsa umboni wa masamba ochepa chabe, wodalira chiphunzitso chakale cha Thomas ndi Fermi choyerekezera mphamvu ya maelekitironi m'atomu, ndipo nambala yawo inali yoti munthu wa physics n'kuilandira. Kwa ine chokoma kwambiri n'choti umboniwo umaloza chala pa chimene chikugwira ntchito, lomwe ndi lamulo la Wolfgang Pauli la 1925 loti maelekitironi awiri sangakhale mumkhalidwe umodzi. Zili ngati pa benchi ya m'kalasi: wobwera mochedwa sakhala pamwendo pa mnzake, amakafuna malo ena, ndipo kalasi imakula. Dyson anasonyeza kuti popanda lamulo limeneli mphamvu ikanakula ngati N^(7/5), ndipo chinthu chikanamachepa msinkhu mukachionjezera tinthu. Auzeni ana anu zimenezi, muone nkhope zawo.

Mbali ya classical, yosafuna malamulo a quantum, nayo ili ndi nkhani yake ya Lieb, ndipo ndi yosavuta kujambula pa bolodi. M'madzi oundana, oxygen iliyonse ili ndi anansi anayi. Pa mzere uliwonse wolumikiza awiri pali hydrogen imodzi, ndipo lamulo n'loti ziwiri zikhale pafupi ndi oxygen, ziwiri patali. Njira zosanjira motsata lamuloli ndi zambiri zedi, moti ngakhale mutaziziritsa ayezi mpaka kufupi ndi madigiri -273, entropy, muyeso wa kuchuluka kwa njira zosanjirazo, siithera pa ziro. Linus Pauling anayerekeza mu 1935 kuti molekyu iliyonse imachulukitsa njirazo ndi 1.5. Mu 1967 Lieb anatenga ayezi wongoganizira, wosanjidwa pa timabokosi tofanana mbali zonse ngati ta m'kope la masamu, n'kuwerengera yankho lenileni: (4/3)^(3/2), pafupifupi 1.5396. Pauling analasa pafupi, koma kulasa pafupi ndi kwina, kutsimikiza ndi kwina. Jambulani timabokosi tochepa, muike muvi pa mzere uliwonse, pa mphambano iliyonse iwiri yolowa iwiri yotuluka, ana awerenge okha njira zake.

Zina ndingotchula mothamanga, monga ntchito yake ndi Werner Liniger mu 1963 pa maboson (tinthu tosatsata lamulo la Pauli) oyenda mumzere umodzi, ndi ya 1973 ndi Mary Beth Ruskai pa quantum entropy, imene masiku ano anthu a quantum information, ofufuza kusunga ndi kutumiza uthenga ndi tinthu ta quantum, amaidalira kwambiri.

Mwana wochenjera akakufunsani ngati lamulo la Pauli limapambana nthawi zonse, muyankheni kuti ayi. Mphamvu yokoka ya gravity siikankha, imangokoka, ndiye chinthu chikalemera kwambiri maelekitironi amalephera. Subrahmanyan Chandrasekhar anapeza m'ma 1930 kuti nyenyezi ya mtundu wa white dwarf, yomwe ndi chotsalira cha nyenyezi imene yatha kuyaka, ikapyola kulemera kwa dzuwa ka 1.4 imagumukira m'kati. Mu 1987 Lieb ndi Horng-Tzer Yau anatsimikizira zimenezi ndi masamu, kuyambira pa quantum mechanics ya tinthu tambiri.