Funsani: Lithium anawayanja azakhali, nanga mlongo wanga bwanji zikuvuta?

FUNSO

Moni. Mlongo wanga wazaka 24 anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar chaka chatha. Anakhala pafupifupi masabata atatu osagona, kuyankhula osalekeza, ndalama zonse kumwaza, kenako anangogwa ulesi miyezi iwiri osatuluka m'chipinda olo kusamba kumene. Adokotala anamuyambitsa lithium ndipo anatifunsa ngati kumtundu kwathu kuli wina amene anamwapo mankhwalawa. Alipo azakhali athu, mlongo wawo wa bambo, akhala akumwa kwa zaka zoposa 15 ndipo ali bwinobwino, amagwira ntchito, ana analera okha. Koma mlongo wangayu miyezi inayi yatha, manja amanjenjemera, ludzu losatha, ndipo mwezi watha anayambanso kusowa tulo kwa masiku angapo. Pa intaneti ndinaona akutsatsa zoyeza DNA eti amakuuziratu mankhwala amene angakuyanje. Nde kodi zoti mankhwala akuyanje zimayendera mtundu? Tiyezetse DNA yo, kapena angosiya?

Mchemwali wodandaula

YANKHO

Achemwali, ndiyambe ndi chakumapeto chifukwa ndi chimene chandigwira mtima: asasiye yekha chonde. Lithium ukamusiya mwadzidzidzi matenda amatha kubwerera mwamphamvu m'masabata kapena miyezi yochepa, ndipo nthawi imeneyo chiopsezo choti munthu adzivulaze chimakwera. Ngati pafunika kusiya, adokotala ndi amene amachepetsa pang'onopang'ono.

Sopano ku funso lanu lija. Inde, zimayendera mtundu ndithu, koma osati ngati mmene mwana amatengera mphuno ya bambo ake. Ndikamanena majini apa sindikunena za mizimu ayi, ndikunena timalangizo tija tili mu DNA timene timatengera kwa makolo. Matenda a bipolar paokha ali m'gulu la matenda a maganizo amene amayendera kwambiri m'banja, kafukufuku wa mapasa wakhala akuonetsa zimenezi kwa zaka zambiri. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi choti ngakhale kuyanjidwa ndi lithium kumaoneka kuti kumatsata banja.

Mankhwalawa ndi akale. Dokotala wa ku Australia, John Cade, ndi amene analemba mu 1949 kuti lithium amakhazika pansi odwala mania (nyengo ija ya kusagona ndi kuyankhula osalekeza), kenako Mogens Schou wa ku Denmark anapitiriza kuwayesa m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku America anawavomereza mu 1970. Chiyambire nthawi imeneyo madokotala akhala akuona chinthu chimodzi chodabwitsa: pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene amamwa lithium kwa nthawi yaitali amakhala ngati azakhali anuwo, zaka kumadutsa osadwalanso, ena amapeza bwino pang'ono chabe, pomwe ena sawathandiza nkomwe. Nde funso linali loti kusiyanaku kukuchokera pati.

Ku Canada, Paul Grof ndi Martin Alda ndi anzawo anaganiza zofufuza abale a anthu amene lithium anawayanja kwambiri. Mu 2002 anatulutsa zimene anapeza: mwa abale odwala bipolar a anthu oterewa, pafupifupi 67 pa 100 alionse nawonso lithium anawayanja, pomwe m'gulu loyerekezera anali pafupifupi 35 pa 100. Anthu ake anali ochepa, abalewo anali 24 okha, nde sitinganene kuti ndi lamulo, koma n'chifukwa chake adokotala aja anakufunsani funso limene lija. Sikuti amangocheza. Nkhani ya azakhali anu ndi umboni wothandiza, ngakhale azakhali ndi m'bale wapatali pang'ono kusiyana ndi kholo kapena m'bale wa bere limodzi. Mlongo wanu ndi azakhaliwo amafanana pafupifupi kota ya majini awo basi, ena onsewo ndi osiyana, nde musadabwe kuti thupi lake silikuyankha chimodzimodzi.

Apa pali pamene nkhani imavuta. Asayansi atayamba kusakasaka jini yeniyeni imene imachititsa zimenezi, sanapeze imodzi. Mu 2014 gulu la ku Taiwan linalengeza kuti lapeza jini yotchedwa GADL1 imene inkaoneka kuti ikulosera bwino kwambiri amene lithium angawayanje pakati pa anthu achitchaina a mtundu wa Han, anthu anasangalala kwambiri, koma magulu ena atayesa kubwereza kafukufukuyo pa odwala ena sanapeze zomwezo. Mu 2016 gulu lalikulu la ofufuza a m'maiko osiyanasiyana lotchedwa ConLiGen linayeza DNA ya odwala 2,563 ndipo linapeza kachigawo kena pa chromosome 21 (umodzi mwa timitolo ta DNA m'maselo athu) kamene kali ndi mbali pa nkhaniyi, koma mphamvu yake ndi yaing'ono, siyokwanira kuuza munthu mmodzi kuti iwe umwe, iwe usamwe. Mu 2018 gulu lomweli linaonetsanso kuti anthu amene ali ndi majini ambiri okhudzana ndi matenda ena a maganizo otchedwa schizophrenia nthawi zambiri lithium sawayanja bwino, ndipo patsogolo pake anapeza zofanana ndi majini okhudzana ndi depression, matenda okhumudwa kwambiri ndi kugwa ulesi. Mwachidule ndi majini mazanamazana, iliyonse ikukankha pang'ono, ngati anthu ambiri akukankha galimoto imodzi, sungaloze mmodzi kuti ndi ameneyu wayendetsa.

Kafukufuku amene ine amandisangalatsa kwambiri ndi wa mu 2015 wa ku Salk Institute ku California. Anatenga maselo apakhungu a odwala bipolar nkuwasandutsa maselo a ubongo mu labu, ndipo anaona kuti maselowo amathamanga mopitirira muyezo. Atawathira lithium, amene anakhazikika ndi a anthu okhawo amene lithium ankawayanja kale m'moyo weniweni. Tangoganizani, kaselo kali m'mbale, kutali ndi mwini wake, koma kakuyankha mankhwala ngati mwini wakeyo. Zimenezi zimandiuza kuti wodwala amene lithium sakumuthandiza sikuti ndi wamakani kapena sakufuna kuchira, pena pake ndi thupi lake chabe, ndipo achibale tizisiya kumukalipira.

Nde zoyeza DNA zapa intaneti zija, ine ndikuti musataye ndalama zanu. Padakali pano palibe kuyeza majini kumene madokotala amakudalira kuti kulosere za lithium. Zambiri mwa zimene amatsatsazo zimayang'ana mmene chiwindi chimagayira mankhwala, pomwe lithium sagayidwa ndi chiwindi nkomwe, amatuluka kudzera mu impso mmene analowera. Komanso odwala ambiri amene analowa mu kafukufuku amene ndatchulayu makolo awo ndi a ku Europe, ena a ku East Asia, nde zotsatira zake sungangozitenga nkuzipachika pa munthu wa mtundu wina uliwonse.

Chimene chimathandiza adokotala kuposa DNA ndi mbiri ya matendawo. Lithium amakonda kuyanja munthu amene matenda ake amabwera nkupita, pakati pake nkukhala bwinobwino ngati sanadwalepo, makamaka ngati imayamba ndi mania kenako depression, monga mwafotokozera za mlongo wanu. Koma amatha kulephera mosavuta kwa amene amadwala kanayi kapena kuposa pa chaka, kapena amene akumwa mowa kwambiri ndi kusuta chamba. Pa zimene mwalemba, ine sindikuona chifukwa chotayira mtima.

Komanso miyezi inayi ndi yochepa achemwali. Kuti adokotala anene motsimikiza kuti lithium akuteteza munthu kapena ayi pamafunika nthawi yaitali, kawirikawiri chaka kapena kuposa, akumwa mosadumphitsa komanso mlingo wa m'magazi uli pabwino. Apa ndi pamene ndikufuna mufunse: magazi ake anayezedwa liti, ndipo nambala inali chani? Mlingo umene ambiri amafuna umakhala pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol/L, ndipo magaziwo amatengedwa patatha maola 12 chimwereni pilisi lomaliza, nde ngati amamwa usiku apite m'mawa asanamwe lina. Ukatsika kwambiri mankhwala sagwira, ukafika 1.5 kupita m'mwamba umayamba kukhala poizoni. Anthu ambiri amene amati lithium wawakana, ukafufuza umapeza kuti mlingo unali wotsika kapena ankadumphitsa masiku chifukwa cha kunjenjemera komweko osauza munthu.

Kunjenjemera pang'ono kwa manja, ludzu ndi kukodza pafupipafupi ndi zodziwika pa lithium, ndipo nthawi zambiri adokotala amatha kuzichepetsa posintha mlingo kapena nthawi yomwera, nde akanene, asabise. Zimene siziyenera kudikira tsiku la kiliniki ndi izi: kunjenjemera kwamphamvu mpaka kapu kugwa m'manja, kusanza kapena kutsegula m'mimba, kuyenda modzandira ngati woledzera, lilime kulemera poyankhula, kusokonezeka mutu. Zikatero asamwe pilisi lotsatira, mupite naye kuchipatala pompo. Azimwa madzi okwanira makamaka kukatentha kapena akadwala malungo ndi matenda ena otentha thupi, asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa mchere umene amadya, ndipo asamangogula ibuprofen kapena diclofenac mutu ukamupweteka chifukwa amenewa amakweza lithium m'magazi, chimodzimodzinso mankhwala ena a BP. Impso ndi chithokomiro nazo ziziyezedwa, kawirikawiri miyezi 6 iliyonse.

Ngati azakhali anu angalole, chifukwa ndi nkhani yawo yachinsinsi ndipo muwapemphe mwaulemu, afunseni kuti matenda awo anayamba ali ndi zaka zingati, anadwala kangati asanayambe lithium, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti akhazikike. Mwina mudzamva kuti nawonso chaka choyamba sichinali chophweka. Lembani zimenezo papepala pamodzi ndi masiku amene mlongo wanu anasowa tulo mwezi watha, maola amene amagona, ndi masiku amene anadumphitsa mankhwala ngati alipo, ndipo tsiku lokaonana ndi adokotala mupite naye limodzi ndi pepalalo. Zikadzaoneka kuti lithium sakumuyanjadi, alipo ena monga quetiapine, lamotrigine ndi valproate, ndipo pena amaphatikiza awiri.