Tifunseni: Matewera ochapa ndi ndalama za pakhomo m'chaka chatsopano

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagulitsa usipa wouma pamsika. Mwana wanga woyamba ndinamulera ndi mapampasi mpaka atayamba kuyenda, koma wachiwiriyu, amene ali ndi miyezi itatu, wabadwa zinthu zitadula moti phindu langa likuthera pomwepo. Apongozi anga akuti ndibwerere ku matewera ochapa monga ankachitira iwo, pamene anzanga akuti sopo, madzi ndi makala zidzandidyera ndalama zomwezo. Kodi ndimvere yani? Mayi wa pa boma, Mangochi.

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mverani apongozi anu, koma mawu a anzanuwo musawataye, chifukwa nawonso ali ndi mfundo. Mapampasi ambiri ogulitsidwa m'dziko muno amachokera kunja, choncho pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera pamodzi ndi ya katundu wina yense wolowa kudzera m'malire, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti ibwerera pamene inali nthawi ya mwana wanu woyamba.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana wa msinkhu wa wanuyu amafunika kumusintha kosachepera kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kutanthauza mapampasi 180 pa mwezi, kapena 2,190 pa chaka. Tingoyerekeza kuti limodzi mukugula K500, ndiye kuti pa mwezi zikutuluka K90,000, ndipo inu muike mtengo weniweni wa pagolosale yanu kuti muone chiwerengero chanu. Ndalama zimenezi sizioneka kukula chifukwa ambiri amagula awiriawiri kapena atatuatatu pa okala, njira imene ili yodula kuposa kugula paketi yonse. Choipa china n'chakuti mayi akaona kuti ndalama zachepa amamusiya mwana ndi pampasi limodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwanayo n'kusupuka khungu, ndalama zimene amati wapulumutsa n'kuthera ku mankhwala.

Matewera ochapa mumagula kamodzi. Mufunika matewera a nsalu yathaulo pafupifupi 24, timakabudula tapulasitiki titatu kapena tinayi, maphini okhala ndi chotsekera, ndi ndowa ziwiri, imodzi ikhale ya chivundikiro. Simukukakamizidwa kugula zonse tsiku limodzi, mungathe kuyamba ndi asanu ndi limodzi n'kumaonjezera sabata iliyonse pogwiritsa ntchito ndalama zomwe mukanagulira mapampasi. Chitenje chakale cha thonje chimene chafewa ndi kuchapa musachitaye, chiduleni tizidutswa toyala m'kati mwa thewera kuti bibi azitsalira pamenepo, ntchito yochapa ichepe. Matewera osamalidwa bwino amalera ana awiri, nthawi zina atatu.

Komatu walira mvula walira matope, ndipo matope ake pano ndi kuchapa kwa tsiku ndi tsiku. Mukamuvula mwana thewera, yambani mwakataya bibi m'chimbudzi, kenako muliviike m'ndowa ya chivundikiro ija kuti ntchentche zisafikepo. Chapani ndi sopo wamtanda wamba, ndipo mutsukuluze mpaka madzi asiye kuchita thovu, pakuti sopo wotsalira m'nsalu amatha kuwotcha khungu la mwana, anthu n'kumanamizira thewera. Za makala anzanu akukokomeza. Matewera safunika kuwiritsa tsiku lililonse, muziwiritsa pokhapokha mwana akatsegula m'mimba kapena akatuluka zilonda, masiku ena onse dzuwa la ku Mangochi limagwira ntchitoyo kwaulere.

Pa kayanikidwe ndiye ndikupemphani kuti musachite mphwayi. Yanikani pachingwe, padzuwa, osati pamchenga, paudzu kapena pazitsamba monga timaonera m'mbali mwa nyanja. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pansi ndi pa nsalu zonyowa, makamaka zimene zili ndi fungo la mkodzo, ndipo mazirawo akaswa, mphutsi zimalowa pakhungu la mwana n'kupanga chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Simbi yotentha imapha mazira amenewa, choncho makala ochepa amene mungagule apite m'simbi, musite thewera mbali zonse ziwiri, makamaka m'miyezi ya mvula pamene nsalu zimachedwa kuuma.

Madzi ochapira musakawataye mu Shire kapena m'nyanja, ndipo musakachapire matewera padooko pamene ena akutunga madzi ndi kutsuka mbale. Kumbani dzenje lakelake kutali ndi mjigo kapena chitsime. Pali chikhulupiriro chakuti bibi wa khanda alibe matenda, koma n'chabodza, ndipo anthu a ku Mangochi safunika kukumbutsidwa zambiri za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, boma lino n'kukhala limodzi mwa amene anakhudzidwa kwambiri. Inu amene manja anu amagwira usipa umene anthu ena akadye, sambani ndi sopo nthawi iliyonse mukamusintha mwana, ngakhale kasitomala akudikira.

Ngati madzi mumagula pa kiyosiki, lembani m'kope kwa mwezi umodzi ndalama za madzi, sopo ndi makala, kenako muyerekeze ndi za mapampasi zija. Ine sindikayika kuti mupeza kusiyana kwakukulu, koma ndi bwino mudzionere nokha kuti anzanu akadzafunsa muwaonetse kope. Mapampasi ochepa mungathe kusunga a tsiku la sikelo, la maliro kapena la ulendo wa minibasi wopita ku Zomba, palibe amene angakuimbeni mlandu. Popita kumsika tengani matewera anayi opinda bwino ndi jumbo yolimba yoikamo onyowa.

FUNSO: Ndine msodzi. Chaka chilichonse mu Januwale ine ndi mayi a kunyumba timagwirizana kuti tisunga ndalama zogulira malata, koma pofika Malichi nkhaniyo imakhala itazizira. Chaka chino tasiya mapampasi, mwana wathu wa miyezi isanu ndi iwiri akuvala matewera ochapa. Tichite bwanji kuti ndalama zimene tikupulumutsazi zioneke? Bambo wa ku Monkey Bay.

YANKHO: Bambo, vuto lanu ndi la mabanja ambiri, ndipo gwero lake si ulesi. Januwale ndi mwezi woipa wopangira malonjezo akuluakulu, chifukwa ndi nthawi imene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo chakwera mtengo pamsika, ana akubwerera kusukulu teremu yachiwiri, kumunda kukufunika feteleza wobereketsa, malungo nawo ali pakhomo. Lonjezo lopangidwa pa chisangalalo cha Nyuwere limakumana ndi zonsezi lisanathe milungu itatu.

Chinanso n'chakuti ndalama yopulumutsa siibwera m'manja ngati ya nsomba zimene mwagulitsa. Imangokhala kuti sinatuluke, ndiye imasakanikirana ndi ya ndiwo, ya mayunitsi ndi ya tiyi wa padooko, mwezi n'kutha osadziwa kumene yalowera. Njira yake ndi yakuti tsiku limene munkagula paketi ya mapampasi likhalebe tsiku lotulutsa ndalama. Chotsanipo ya sopo, yotsalayo ichoke m'thumba tsiku lomwelo, ipite ku Mpamba kapena ku Airtel Money pa nambala imene simuigwiritsa ntchito pogula zinthu, kapena mayi akagule nayo masheya ku banki m'khonde. Magulu ambiri amagawana ndalama chakumapeto kwa chaka, zimene zikugwirizana ndi cholinga chanu, koma mufunse kaye malamulo a gululo, makamaka pa za ngongole ndi chiwongoladzanja, popeza alipo magulu ena amene amakakamiza membala aliyense kukongola ngakhale alibe chochita nazo ndalamazo.

Mawu akuti "tigula malata" ndi otakata kwambiri moti sangakudzutseni m'mawa. Itanani mmisiri ayeze nyumbayo, akuuzeni chiwerengero cha malata, kutalika kwake, misomali ndi mitengo ya denga, inu mukafunse mitengo ku sitolo n'kulemba. Mukatero mudziwa ngati ntchitoyi ili ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ngati ili ya ziwiri, vomerezani msanga m'malo modzinamiza. Mlingo wa ndalama zosunga pa mwezi muutengere pa miyezi yovuta, monga ya mwera pamene mabwato amagona pamtunda masiku angapo, osati pa mwezi umene usipa wagwa wambiri. Mwezi wabwino mudzaonjezera. Pambali pa za malata pakhale kandalama kena ka matenda, kokwanira thiransipoti yopita kuchipatala usiku, chifukwa popanda kameneka mudzathyola ndalama za denga kapena kugwa m'manja mwa akatapila.

Pali mfundo ina imene simunafunse koma ndiinena. Ndalama mukuti "tikupulumutsa" zikuchokera m'manja mwa mayi a kunyumba, amene akuchapa matewera asanu ndi limodzi kapena kuposa tsiku lililonse pamwamba pa ntchito zina zonse. Akatopa adzabwerera ku okala kukagula mapampasi, ndipo sadzakhala olakwa. Mukatsika m'bwato tengani njinga mukatunge zigubu ziwiri za madzi, mangani chingwe choyanikira chachiwiri pakhonde cha masiku a mvula, ndipo simbi siisankha dzanja la mwamuna kapena la mkazi. Kope la ndalama muziliona nonse awiri kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo ngati mayi akuona kuti choyamba chikhale china osati malata, amvedwe. M'kope lomwelo lembaninso zinthu ziwiri zosafuna ndalama, zomwe ndi katemera wa chikuku amene mwana wanu ayenera kulandira akakwanitsa miyezi 9 ndi kubwerezanso pa miyezi 15, ndiponso tsiku loti mupite limodzi kukamva za kulera, pakuti matewera amenewa adzathandiza mwana wotsatira bwino ngati uyu atayamba wawasiya.

FUNSO: Chiyambireni matewera ochapa, mwana wanga wafiira m'matako ndipo amalira ndikamamusambitsa. Mnzanga akuti ndizimuthira paudala. Nditero? Mayi wa ku Namwera.

YANKHO: Ayi mayi, paudala musiyeni, chifukwa akanyowa amaundana m'mphechepeche, komanso fumbi lake si labwino kuti khanda lizipuma. Thewera lansalu silibisa mkodzo ngati pampasi, choncho liyenera kuchotsedwa likangonyowa, ndipo kakabudula kapulasitiki kamasunga kutentha ndi chinyezi, kotero masana muli pakhomo muzikavula. Mutsukeni mwana ndi madzi oyera okha, mumupukute mosakhula, mumugoneke pachitenje wopanda thewera kwa kanthawi kangapo pa tsiku, kenako mumupake Vaseline pang'ono musanamuveke lina. Kwanuko ndi kumtunda, kozizirirapo kusiyana ndi kunyanja, ndiye onetsetsani kuti matewera aumadi musanawapinde, ndipo muonjezere kutsukuluza. Pakatha masiku atatu osasintha, kapena mukaona timatuza, totupa tofiira tofalikira m'mapindiko a khungu, zoyera m'kamwa, ngakhalenso kutentha thupi, pitani naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo, chifukwa zimenezo zimafuna mankhwala amene angakupatseni ndi achipatala.