Mafunso pa Chichewa: kodi Wizard ndi mfiti?

Mafunso a sabata ino achokera kwa achinyamata a kuno ku Zomba amene amasewera Dungeons & Dragons m'Chichewa. Amene simunawaonepo, awa ndi masewera a patebulo. Mmodzi amafotokoza nthano, enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthanomo, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati zimene munthuyo wayesa zatheka. Anawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, ndipo malamulo ake akhala akulembedwanso kangapo.

"Aphunzitsi, ndimakhala ku Chikanda. Pamasewerawa ndimakonda kukhala Wizard, koma anzanga amangonditchula kuti mfiti. Kodi akulondola? Nanga Sorcerer ndi Warlock tiziwati chiyani?"

Achimwene, anzanuwo sakulondola, ndipo muwauze asiye. Mfiti pa Chichewa ndi munthu wotamba usiku, wopita kumanda, wolodza abale ake mobisa. Wizard wanuyo amachita zake masana anthu akuona, ndipo amazichita poteteza anzake a paulendo. Kumbukiraninso kuti dzina limeneli si lochezera. Agogo ambiri m'midzimu amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti, ndipo lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mukazolowera kuitanana choncho, tsiku lina adzakukuwirani dzinalo pakati pa msika wa Mpondabwino, pamene palibe wodziwa kuti mukunena zamasewera.

Mawu oyenera ndi wamatsenga. Ndipotu akugwirizana bwino ndi dzina loyambirira, pakuti mu 1974 munthuyu ankatchedwa Magic-User, ndiye kuti wogwiritsa ntchito matsenga basi. Nthawi imeneyo panalibe vuto, wamatsenga anali mmodzi yekha pambali pa Fighting-Man (wankhondo) ndi Cleric (wansembe). Analinso wofooka zomvetsa chisoni: poyamba ankatha tsenga limodzi lokha patsiku, akaliponya n'kuliiwala mpaka atawerenganso buku lake mawa lake.

Vuto lanu linabadwa mu 2000, pamene kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa malamulo achitatu n'kuika Sorcerer pambali pa Wizard. Kenako mu 2004 kunabwera Warlock, amene pofika 2008 anali atalowa m'buku lalikulu la osewera. Atatu onsewa ndi amatsenga, kusiyana kwawo kuli pa kumene matsengawo achokera. Wizard anachita kuphunzira, amayenda ndi buku, ndiye mutchuleni wamatsenga wam'buku. Sorcerer anabadwa nazo, zili m'magazi, ameneyo ndi wamatsenga wachibadwa.

Warlock ndiye amandisangalatsa, chifukwa Chichewa chinali naye kale. Uyu ndi munthu amene wapangana ndi mzimu kapena chinthu china champhamvu kuti chimupatse mphamvu, iyenso n'kumachitumikira. Kwathu kuno munthu wofuna chuma kapena mphamvu mwachidule, amene wapatsidwa zizimba zoti azisunga ndipo akaphonya zimamutembenukira, timati wakhwima. Choncho Warlock ndi wokhwima. Mawu amenewa ali kale ndi mantha ake komanso ngongole yake, zimene "wamatsenga wapangano" alibe. Komabe nalonso dzinali lizithera patebulo pomwepo.

"Ine ndi mtsikana wa ku Matawale. Ndimakonda Thief wa m'malamulo akale. Kodi ndiziti 'mbava wanga wathyola loko' kapena 'mbava yanga yathyola loko'? Nanga Rogue wa masiku ano ndi mbava yomweyo?"

Achemwali, nenani kuti mbava yanga yathyola loko. Zikachuluka, mbava zanga zathyola loko. Chimene chikukusokonezani n'chakuti mbava ndi munthu, ndiye lilime likufuna kuipatsa agwirizanitsi a munthu: wanga, wabwera, uyu. Koma mgwirizano pa Chichewa umatsata gulu la dzina, sutsata chinthu chimene dzinalo likuimira. Mbava ili m'gulu limodzi ndi mbuzi, nyumba ndi nkhuku. N'chimodzimodzi mfumu: timati mfumu yathu yafika, ngakhale kuti mfumuyo ndi munthu wolemekezeka kuposa tonse pamudzi. Tikafuna ulemu timasintha dzina lenilenilo, amfumu athu afika. Ngati mgwirizano wa "ya" ukukuvutani pakamwa, gwiritsani ntchito wakuba, amene ali m'gulu la anthu: wakuba wanga wathyola loko, akuba anga athawa.

Chinthu chimodzi musachite, kusakaniza m'chiganizo chimodzi. "Mbava yanga walowa pawindo" ndi Chichewa chothyoka.

Tsono za Rogue. Thief analowa m'masewerawa mu 1975 kudzera m'kabuku ka Greyhawk, ndipo ntchito zake zinalidi zakuba: kutsegula maloko, kupisa m'matumba, kukwera zipupa, kubisala mumdima, kubaya mdani kumsana. Pamenepo mbava ikukwana. Mu 1989 mawu akuti Rogue anali dzina la gulu lophatikiza Thief ndi Bard, ndipo mu 2000 ndi pamene Thief anasinthidwa kukhala Rogue. Sanangosintha dzina lokha. Munthuyu anasanduka wamaluso ambiri, wotha kukhala kazitape, wonyengerera alonda pachipata, wofufuza misampha, mwina osaba kanthu moyo wake wonse. Kumutcha mbava n'kumulakwira. Ine ndingasankhe tambwali, munthu wopulumukira kuchenjera ngati Kalulu wa m'nthano zathu. Kathyali aliponso, koma amanunkha katangale. Ubwino wina wa tambwali ndi woti ali m'gulu la anthu, ndiye mutha kunena momasuka kuti tambwali wanga wawapusitsa, atambwali athu apulumuka.

"Ine ndiye wofotokoza nthano pagulu lathu ku Chinamwali. Tithandizeni Cleric, Druid, Fighter ndi Bard. Komanso mawu akuti class tiziti kalasi?"

Cleric ndi wansembe, ambiri ansembe. Ndikudziwa kuti muno mu Zomba, momwe muli seminale ya St Peter's, mawuwa amakumbutsa munthu wa mkanjo woyera, pamene Cleric wakale ankavala zachitsulo n'kunyamula chibonga chifukwa malamulo ankamuletsa zida zakuthwa. Koma wansembe ndi wakale kuposa mamishoni. Ndi munthu wothira nsembe, woimira anthu pamaso pa Chauta ndi mizimu. Musamutche sing'anga ngakhale amachiritsa mabala a anzake, popeza iye sakumba mitsitsi, amapempha kwa mulungu amene amamutumikira.

Druid, amene anabwera mu 1976, nayenso ndi wansembe, koma wa nkhalango, mvula ndi nyama. Wansembe wam'nkhalango akukwana. Lingaliro limeneli si lachilendo kwa aliyense wodziwa za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, kumene anthu amapempha mvula m'nkhalango yopatulika. Maina a kumeneko okha asiyeni, asalowe m'masewera.

Fighter ndi wankhondo. Msilikali ayi, ameneyo ali ndi yunifomu, malipiro ndi bwana, ngati a ku Cobbe Barracks. Wankhondo alibenso vuto limene Fighting-Man anali nalo, mkazi kapena mwamuna dzina ndi lomwelo.

Bard ndi woimba. Mlakatuli akanatha, koma masiku ano mawuwa akutanthauza wolakatula ndakatulo pawailesi kapena pamsonkhano, ndipo chida choimbira sichimveka m'menemo. M'buku la mu 1978 munthu ankayenera kuyamba wakhala wankhondo, kenako mbava, kenako n'kukaphunzira kwa ansembe am'nkhalango asanatchedwe Bard, ndiye n'chifukwa chake osewera akale amamutchula mwaulemu. Mpatseni bangwe kapena kaligo, gitala ayi.

Kalasi musiyeni kusukulu. Chimene mukufunsa wosewera n'chakuti munthu wake amagwira ntchito yanji, ndiye funsani choncho: munthu wako ndi wantchito yanji? Pa malamulo a mu 2014 ntchitozi zilipo 12 m'buku la osewera, ndipo zambiri mutha kuzitchula ndi mphatikiram'mbuyo "u": unsembe, utambwali, ulenje kwa amene wasankha Ranger. Zina sizilola, monga wankhondo ndi wamatsenga, ndipo musazikakamize. Pamenepo mungoti wasankha zankhondo, wasankha zamatsenga.