Burette ndinakaigwira koyamba tsiku la mayeso

Asisi musamulole mwanayo asiye chemistry chifukwa cha ma mole (muyeso wowerengera ma atom), chonde musamulole, ndawerenga zimene mwalembazi zakuti mwana wanu akufuna kuisiya chifukwa ma mole akumukanika, mtima wanga wachita kuti myuu chifukwa ndi zomwezi zinandidyera zaka ziwiri ine. Mwana wa Form 3 akamabwera kunyumba nkumalira kuti mutu wanga ndi wouma, si mutu wauma ayi, alipo munthu amene sanamuuze bwinobwino.

Ife nthawi yathu inali Physical Science, asanazigawe kuti physics payokha chemistry payokha. Ndinali pa CDSS ina yake, labu kunalibe, imene tinkaitcha labu inali kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, yokhoma ndi loko, makiyi ali m'thumba mwa aphunzitsi a sayansi. Bambo amenewo Mulungu awakhululukire koma ine zimandiwawabe mpaka lero. Ankabwera Lolemba, kumupatsa monita kope lawo lakale la mapepala achikasu kuti alembe pa bolodi, iwo ulendo. Ife kukopera, kukopera, masamba folo faifi osamva olo liwu limodzi. Ukafunsa kuti sala mole ndi chani kwenikweni, yankho linali lakuti zili mu manotsi, ukafuna kumva bwino ubwere ku part time Loweruka. Part timeyo yolipira. Mayi anga ankagulitsa zitumbuwa, ndalama ya part time aitenga kuti? Nde anthu sikisi seveni amene makolo awo anali ndi kangachepe ndi amene ankaphunzitsidwa zenizeni, ife ena tonse tinali odzadzitsa kalasi. Ndipo tsiku lina anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti atsikana inu musadzivute, sayansi si yanu, mungodikira akubanja. Anyamata kuseka. Kuyambira tsiku limenelo sindinakwezenso dzanja mpaka kumaliza Form 4.

Nde linafika tsiku la practical ya MSCE. Zipangizo anakabwereka ku sukulu ina yogonera, zinafika mu makatoni dzulo lake madzulo. Ine burette, chigalasi chachitali cha manambala chokhala ndi ka tap kodonthezera pansi, ndinali ndisanaigwirepo chibadwire, ndinkangoidziwa ya choko imene monita anajambula. Kulowa m'kalasi ndinapeza pa tebulo pali burette ili pa stand, pipette (kachubu kagalasi koyezera madzi), ka conical flask, mabotolo awiri olembedwa zilembo ndi kabotolo kakang'ono ka phenolphthalein, mankhwala osintha mtundu amene amati indicator. Pepala likuti utenge 25 cm3 ya sodium hydroxide, amene ndi base (chotsutsana ndi asidi), ndi pipette uike mu flask. Kopopera kokokera madzi mu pipette kunalibe, ndinaona mnzanga wa kutsogolo akuyamwa ndi pakamwa nane ndinayamwa, koma palibe anandiuzapo kuti nsonga izikhala pansi pa madzi nthawi zonse, nde inangokoka mpweya ndipo zonse zinathamangira mkamwa. Zowawa, zoterera ngati wameza sopo, milomo kuyamba kuyabwa. Ndinalavulira pa siketi, oyang'anira mayeso anandipatsa kapu ya madzi kuti nditsuke mkamwa panja, ndikubwerera maminitsi apita kale, manja akunjenjemera.

Koma chimene chinandipha si chimenecho. Ndinadonthezera phenolphthalein madontho awiri mu flask muja, pompo madzi onse anasanduka pinki. Mu manotsi amene ndinaloweza usiku wonse munali mzere umodzi wakuti pamapeto pa titration, kudonthezerana kwa asidi ndi base mpaka atakwanirana, madzi amasanduka pinki. Nde ine kuona pinki ndisanatsegule nkomwe burette ndinati basi ndawononga. Ndinataya, kutsuka flask, kuyambiranso. Pinki. Kutayanso. Kachitatu pinki, botolo la sodium hydroxide latsala pang'ono kutha ndipo anali atanena kale kuti sawonjezera. Ndinaima pamenepo misozi ikugwera pa pepala la mayankho, inki ikufalikira. Kenako ndinangotsegula ka tap konse chifukwa sindinkadziwa kuti amatsegula pang'onopang'ono, asidi anangoti khuthu, pinki kuzimiririka nthawi yomweyo osadziwa kuti wazimirira pa nambala iti. Powerenganso ndinawerenga chobwerera, sindinkadziwa kuti pa burette 0 amakhala pamwamba. Manambala amene ndinalemba mu tebulo muja anali ongopeka, ndipo ndikutuluka ndinawaona bambo aja ataima pansi pa mtengo akuseka ndi ana awo a part time, kuwafunsa kuti mwapeza zingati. Ine sanandiyang'ane nkomwe.

Zotsatira zitatuluka Physical Science 9. Maloto a unamwino anathera pomwepo kaye, chifukwa kumeneko popanda ma credit a sayansi sakuyang'ana.

Mukudziwa chimene chinachitika ndi pinki uja? Phenolphthalein amakhala pinki mu base, mu asidi alibe mtundu. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Mu manotsi a bambo aja asidi anali mu flask base ali mu burette nde pinki amabwera kumapeto, pa mayeso anatembenuza, base mu flask, nde umayamba ndi pinki nkumadonthezera asidi mpaka pinki atangozimirira. Chiganizo chimodzi chokha akanatiuza. Munthu analandira malipiro zaka zonsezo osatiuza chiganizo chimodzi chimenechi, ndipo zipangizo zina zinalimo mu kabati muja, ndinadzamva pambuyo pake, zinangochita fumbi.

Ndinakhala chaka pakhomo, kenako ndinakalowa open school kubwereza. Kumeneko ndinakumana ndi amayi ena aphunzitsi, tsiku loyamba la mole anabwera ndi thireyi ya mazira yopanda kanthu. Anafunsa kuti thireyi ndi mazira angati, tonse 30. Thireyi ya mazira a nkhuku ndi thireyi ya mazira a zinziri, ochuluka ndi ati? Ofanana. Olemera ndi ati? A nkhuku. Akuti mole ndi thireyi basi, kungoti ma atom ndi tating'ono kwambiri nde thireyi yake ndi 6.02 x 10^23, nambala ya Avogadro ija. Mole imodzi ya carbon ndi mole imodzi ya oxygen chiwerengero ndi chimodzimodzi koma kulemera kosiyana, carbon magalamu 12, ma atom a oxygen magalamu 16. Ine ndinagwira pakamwa. Zaka ziwiri ndikulira ndi chinthu cha thireyi ya mazira.

Nde muuzeni mwanayo chonchi. Kulemera kwa mole imodzi amangophatikiza manambala a pa periodic table. Madzi H2O, ma hydrogen awiri 1 ndi 1, oxygen 16, zonse 18. Carbon dioxide 12 kuphatikiza 16 kawiri, 44. Sodium hydroxide amene anandilowa mkamwa uja 23 ndi 16 ndi 1, 40. Akapatsidwa magalamu agawe ndi nambala imeneyo apeza ma mole, magalamu 20 a sodium hydroxide ndi theka la mole, magalamu 36 a madzi ndi ma mole awiri. Ikakhala gasi pa kutentha wamba kwa m'chipinda mole imodzi imadzadza 24 dm3, ndiye kuti malita 24. Ndipo pamene ana ambiri amagwera si pa chemistry, ndi pa masamu a cm3 ndi dm3, amaiwala kugawa ndi 1000. 25 cm3 ndi 0.025 dm3. Ngati base ndi 0.1 M, kutanthauza ma mole 0.1 mu dm3 imodzi, nde ma mole ake ndi 0.1 kuchulukitsa ndi 0.025, kupeza 0.0025. Hydrochloric acid ndi sodium hydroxide amakumana mmodzi kwa mmodzi nde asidi nayenso ndi 0.0025, ngati wagwiritsa 20 cm3 ugawe ndi 0.020 upeza 0.125 M. Koma akaona sulphuric acid asathamange, ameneyo mmodzi amadya ma sodium hydroxide awiri, nchifukwa chake equation amayamba kuibalansa asanagwire calculator. Ndipo pobalansa asakhudze timanambala tating'ono tam'munsi, amasintha za kutsogolo zokha, ukasintha H2O kukhala H2O2 wapanga chinthu china, si madzinso amenewo.

Amayi omwewo anatitengeranso thumba la urea lopanda kanthu, lija timathira ku chimanga. Palembedwa 46% N, alimi tonse timaona koma sitifunsa. Urea ndi CO(NH2)2, ukaphatikiza zonse 60, ma nitrogen awiri 14 ndi 14 ndi 28, 28 kugawa ndi 60 ndi kupitirira pang'ono 46 pa 100 alionse. Ndiye kuti mu thumba la makilogalamu 50 nitrogen yeniyeni ndi makilogalamu 23. Ndinakawauza malume anga kumudzi anachita kundiyang'ana kawiri. Funso lomwelo la percentage composition limene ndinkalithawa pa pepala linali pa thumba limene tinkakhalira pakhonde.

Za ma acid ndi ma base musadikire labu, khitchini yanu ili nazo. Mandimu ndi viniga ndi asidi, soda wophikira ndi chidulo cha agogo chothira mu therere ndi za mbali ya base, nchifukwa chake chidulo chimaterera m'manja. Afinyire ndimu pa soda aone thovu, imeneyo ndi carbon dioxide ikutuluka. Aviike chidede m'madzi otentha, madzi ofiira aja awagawe m'makapu awiri, kwina ndimu kwina soda, a ndimu afiira kwambiri a soda ada nkuyamba kubiriwira, aone ndi maso ake kuti indicator ndi chani asadzataye pinki ngati ine. pH imayenda kuchoka 0 kufika 14, 7 ndi pakati, pansi pa 7 asidi pamwamba base, laimu amene alangizi amati tithire m'munda ndi wochepetsa asidi wa m'nthaka. Koma chonde zoyesazi zithere pa za kukhitchini zodyedwa, asakhudze caustic soda wopangira sopo ndi manja, ndipo Jik asamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira ku toilet, pamatuluka chlorine munthu ukhoza kubanika. Pipette asadzayamwe ndi pakamwa olo anzake onse akutero, apemphe kopopera.

Pano ndinene zina mwina muti ndikudzitsutsa koma ndi zoona. Aloweze. Ma element 20 oyamba aja kuyambira hydrogen mpaka calcium aziwanena ngati pemphero, ndi zizindikiro zake, makamaka osokoneza aja, sodium Na, potassium K. Aziwayala ma electron, sodium 2,8,1 chlorine 2,8,7, nde aona yekha kuti sodium akungofuna kutaya imodzi chlorine akusowa imodzi, akakumana ndi mchere wa m'ndiwo NaCl. Magnesium ali mu group 2 amataya ziwiri nde amafuna ma chlorine awiri, MgCl2, ma formula onse amachokera pamenepo. Ma valency, manambala ouza kuti chinthu chimagwirana ndi zinzake zingati, a sulphate, nitrate, carbonate, hydroxide, amenewo palibe nzeru ina, ndi kuloweza basi, alembe pa pepala amate pa khoma pamene amagona. Ine chaka chobwereza ndinkadzuka 4 koloko kuwanena ndisanapite kotunga madzi.

Ndipo asadane ndi aphunzitsi ake olo atakhala otani. Ine ndinadana nawo bambo aja mpaka ndinadana ndi phunziro lomwe, amene analuza ndine, iwo anapitiriza kulandira malipiro. Azikhala kutsogolo, azifunsa olo amuseke, akamuyankha mwachipongwe mawa afunsenso. Ngati kuli part time ndipo mungakwanitse mulipireni asisi, ndikudziwa ndanena zambiri za part time pamwambapa ndipo ndikuonabe kuti ndi kuba kumubisira mwana zinthu m'kalasi kuti ukamugulitse Loweruka, koma mwana wanu asavutike chifukwa cha mkwiyo wanga. Ngati simungathe apeze anzake atatu azikumana ndi mapepala a mayeso akale a MANEB, mafunso a mole amabwera mofananafanana, akapanga makumi awiri dzanja lizolowera lokha. Inuyo mupite kusukuluko mukafunse mwaulemu kuti ana a Form 3 agwirapo kale burette kapena ayi, musatume munthu, mupite nokha, ndipo ngati sanagwirepo mukambirane ndi makolo anzanu ku PTA kuti apite olo Loweruka limodzi ku sukulu yoyandikana imene ili ndi labu. Mayi anga sankadziwa kuti angathe kufunsa zimenezo, ankangoti aphunzitsi akudziwa.

Chaka chobwereza ndinapeza 4. Tsiku la practical ndinaona pinki ndinangomwetulira, kutsegula ka tap dontho limodzilimodzi ndikugwedeza flask, pepala loyera pansi, diso pa mzere wa pansi pa madzi mu burette, katatu konse manambala kuyandikana.

Mujambule tsamba limene akukanikapolo muliike pompano pansi pa ndemanga yangayi, ndikaweruka madzulo ndiliona, ndipo mumufunse kaye kuti 250 cm3 ndi ma dm3 angati mundiuze zimene wayankha.