Mabikoni a m'malire ku Dzalanyama: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene ena a ku Area 25 anditumizira imelo. Akuti amakonda kukwera mapiri, la Bunda ndi la Nkhoma anathana nawo kale, tsopano mtima uli pa Dzalanyama, akufuna akafunefune mabikoni akale a m'malire a Malawi ndi Mozambique. Akufunsa ngati n'zololedwa komanso koyambira. Kumapeto kwenikweni awonjezera kuti mnzawo wawauza zoti m'kati mwa mabikoniwo azungu anabisamo mercury, ndiye kodi anyamule nyundo ndi tchizulo?

Achimwene, imelo yanu ndinayamba kuiwerenga ndikumwetulira, chifukwa anthu ofuna kuyenda m'mapiri athu ndi mapazi awo ndi ochepa. Koma nditafika pa nyundopo, mtima unandiwawa. Ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake.

Ine kwathu n'ku Dedza, kumudzi woti ukaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya agogo umaona phiri la Domwe, lomwe lili ku Mozambique, ku Angónia. Agogo anga aakazi anabadwira tsidya limenelo. Manda a amayi awo ali konko. Tili ana sitinkadziwa kuti kumeneko n'kunja. Kukagwa maliro tinkangowoloka dambo, amayi atasenza ufa, atsibweni atakoleka khasu paphewa. Chilankhulo chimodzi, gule mmodzi, nkhwani wotendera yemweyo. Chosiyana chinali chakuti ana a kumeneko akapita kusukulu ankawerenga m'Chipwitikizi, ndipo ndalama zawo zinali zina.

Amene anandionetsa bikoni koyamba ndi atsibweni. Inali pamwamba pa kamtunda, kumapeto kwa munda wawo wa kachewere, pamene mizere imathera n'kuyamba miyala. Sichinali chinthu chochititsa kaso. Unali mulu wa miyala yomatidwa ndi simenti yakuda ndi ukalamba, ndere zitamera mbali yosawomba dzuwa, pamwamba pali nambala yoti kuti uiwerenge umayenera kuyamba waipukuta ndi chala chonyowetsa malovu. Abusa a mbuzi ankakhalapo akamakazinga chimanga. Atsibweni anaikapo dzanja n'kunena kuti, "Mphwanga, mwala uwu sunatilekanitse ndi abale athu, koma ndi umene umachititsa kuti ine ndi a tsidya ilo tisatemane ndi zikwanje." Ankanena za munda. Mwini munda wa mbali inayo anali msuweni wawo, ndipo anthu awiriwa ankakangana pa chilichonse, mbuzi, mitengo, madzi a m'dimba, kupatula pamene munda wa wina ukuthera.

Nditakula n'kuyamba ntchito kuno ku Lilongwe, ndinapitako chaka china nthawi yokolola. Pamene panali bikoni ndinapeza dzenje lofika m'chiuno. Simenti inali itaphwanyidwa zidutswazidutswa, miyala itamwazikana mpaka m'mizere, kachitsulo kadzimbiri kamene kanali pakati katapindidwa n'kutayidwa pambali. M'dzenjemo munali madzi obiriwira ndi chigoba cha batire ya tochi. Anthu anabwera usiku, akuti pa galimoto, ndipo palibe m'mudzimo anawadziwa. Anakumba mpaka mbandakucha, sanapeze kanthu, chifukwa munalibe kanthu. Chaka chotsatira mizere ya mbali inayo inasuntha pang'ono. Chinzakecho inasunthanso. Mlandu unapita kwa nyakwawa, kenako kwa agulupu, koma ungaweruze bwanji mlandu woti mboni ina imamvera boma la Lilongwe, ina la Maputo? Atsibweni anamwalira osayankhulana ndi msuweni wawo uja, ndipo pa maliro awo a tsidya lija anabwera ochepa.

Ndiye za mercury ndikuuzeni mosapsatira: ndi bodza. Bikoni ndi miyala, simenti, mwina ndi kachitsulo kosonyeza pakati penipeni pamene woyeza malo anaimikapo makina ake. Anthu amene ankamanga zimenezi ankayenda masiku ambiri m'tchire, katundu yense ali pamitu ya amtengatenga, makolo athu omwe. Munthu wotero angasiye chuma pamwamba pa phiri kuti chitani? Bodza limeneli lawononganso zipilala zambiri za pamwamba pa mapiri a m'kati mwa dziko, zomwe si za malire n'komwe. Mwina munachionapo chipilala cha konkire pansonga ya phiri lina mwa amene mwakwerawo. Zimenezo anaziika oyeza malo kuti azitengerapo miyeso pojambula mapu. Nazonso anthu akuzigumula. Ndipo kuchotsa kapena kuwononga chizindikiro cha oyeza malo ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Mnzanuyo mumuuze zimenezo, ndipo ngati akuumirira, ulendowu asapite nawo.

Pali gulu lina limene limandikwiyitsa mofananamo, ngakhale kuti ilo ndi la anthu ophunzira. Awa ndi aja amalemba pa Facebook kuti malire ndi a atsamunda, mabikoni ndi zizindikiro za ukapolo, angophwanyidwa. Mbali yoyambayo ndi yoona, sindikutsutsa. Malire athu ndi Mozambique anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891, patangopita chaka kuchokera pamene mayiko awiriwa anatsala pang'ono kumenyana polimbirana chigwa cha Shire. Palibe mfumu ya Achewa kapena ya Angoni imene inafunsidwa. Mzerewo unadula pakati pa Angoni a Maseko, ena n'kutsala ku Domwe ena kwa Gomani ku Ntcheu. Malire a atsamundawa anadulanso Achewa patatu, n'chifukwa chake mpaka lero mwezi wa August mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amapita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa. Zonsezi n'zopweteka, ndipo ine zimandipweteka kuposa amene amazilemba atakhala ku Area 47, chifukwa manda a makolo anga ali kunja kwa dziko langa.

Koma amene amavutika bikoni ikachoka si Mngerezi. Mngerezi anapita mu 1964, Mpwitikizi mu 1975. Amene amavutika ndi mayi wolima kachewere amene mawa lake amauzidwa kuti munda wake uli m'dziko la eni. Atsogoleri a mu Africa atakumana ku Cairo mu 1964 anagwirizana kuti malire amene anawapeza akhale momwemo. Anadziwa kuti ndi okhotakhota, koma anaonanso kuti kuyamba kuwasuntha n'kuyamba nkhondo zosatha. N'chifukwa chake African Union inakhazikitsa ndondomeko yoona za malire mu 2007, ndipo oyeza malo a ku Malawi akhala akuyenda limodzi ndi anzawo a ku Mozambique ndi ku Zambia kutsimikizira malire ndi kumanga mabikoni atsopano pamene akale anatha. Ntchito imeneyo ndi ya ndalama zathu za misonkho. Munthu wopita ndi nyundo akuphwanya chinthu chimene iye mwini adzalipire kuti chimangidwenso.

Ndipo tisamanene za malirewa ngati kuti anangotibweretsera zoipa zokha. Nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa, anthu oposa 1 miliyoni anathawira kuno, ambiri ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Kwathu sanadikire misasa, anangolowa m'nyumba za abale awo. Ndimakumbukira khonde la agogo litadzaza mphasa, ana akugona mopingasa, usiku tikumva mfuti kutsidya kwa dambo. Chimene chinkachititsa kuti mbali ino anthu agone ndi mzere womwewo umene ena akuunyoza. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala, anakwatira, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene zikukugulitsani tomato pa Lizulu lero.

Ndatchula Lizulu, ndiye ndinene izi. Ngati cholinga chanu n'kungoona malire, simufunika n'komwe nsapato za m'phiri. Kwerani basi ya ku Blantyre, mukhale pawindo la kumanja. Mukadutsa Dedza, msewu wa M1 umayenda m'malire mwenimweni mtunda wautali kulowera ku Ntcheu: kumanzere Malawi, kumanja Mozambique. Pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off munthu amagula kabichi m'dziko lina n'kukasintha ndalama m'dziko lina, ndipo palibe amadabwa. Foni yanu nayo imatha kukulandirani ku Mozambique musanatsike n'komwe.

Madzi ndiwo malire

Chimene ndimafuna aliyense wokwera Dzalanyama atadziwa n'chakuti kumeneko malire sawaona ndi maso oyang'ana simenti okha. Pangano la 1891 lija, m'chigawo chino, linatsata msana wa mapiri umene umagawa madzi. Zili ngati denga la nyumba: mvula yogwa mbali ino imatsikira kuno, yogwa mbali inayo imatsikira uko. Madzi otsikira kum'mawa amalowa mu Lilongwe ndi Diamphwe, n'kukathira mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima, ndipo kumeneko ndi ku Malawi. Otsikira kumadzulo amalunjika ku Zambezi, ndipo kumeneko ndi ku Mozambique. Malire athu ndi Zambia cha ku Mchinji nawonso amatsata nzeru yomweyo, kungoti mbali inayo madzi amapita ku Luangwa. Choncho bikoni muziifuna pamsana, pansonga, kapena pampata wa pakati pa mapiri awiri. Mukaona kuti kamtsinje kamene mukukatsata kayamba kuyenda molowera kumene dzuwa limalowa, imani, mwina mwatuluka kale m'dziko.

Mukamayenda pamsanapo mukumbukirenso kuti madzi amene mumatsegula pampopi ku Area 25 amayambira pansi pa mapazi anu. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango imeneyi, n'kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Mudzaona zitsa za miombo, mauvuni a makala akufuka, njinga zitasenza matumba atatuatatu kulowera m'tauni. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalango. Ine owotcha makalawo sindiwada, chifukwa mbaula zimene zimadya makalawo zili m'makhitchini mwathu kuno. Koma dziwani kuti munthu wachilendo wotulukira mwadzidzidzi pa uvuni, atanyamula kamera ndi mapu, amaoneka ngati kazitape, ndipo zikhoza kumuthera moipa.

Dzalanyama ndi malo olemekezekanso. Ndi kumene kuli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi awo pathanthwe, ndipo chakufupi kuli Msinja, kumene kunali kachisi wa mvula wa Makewana. Alipo malo oti eni ake sakulolani kufikapo popanda mwambo. Akakuuzani kuti apa ayi, musafunse kawiri.

Tsono yankho la funso lanu. Kuyenda n'kololedwa, koma Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa, choncho yambani mwaonana ndi a zankhalango akupatseni chilolezo ndiponso munthu wokuperekezani. Ku Dipatimenti yoyeza malo mukafunse mapu a 1:50,000 a dera limenelo, chifukwa mapu a pafoni m'phiri amanama ndipo netiweki imasowa. Njira yake ndi ya ku Likuni, ndipo chigawo chomaliza n'chafumbi, chofuna galimoto yokwera kapena njinga yamoto. Nthawi yabwino ndi kuyambira August mpaka October, udzu utapsa, mvula isanagwe; nthawi ya dzinja tsekera amakupitirirani msinkhu ndipo bikoni mukhoza kuidutsa pa mikono iwiri osaiona. Chitedze ndi njoka ziliko, valani buluku lalitali.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ine ndikanakonda muyambire ku Dedza, kumene malire amadutsa m'minda ya anthu ndipo msewu uli pafupi. Mukafike kwa nyakwawa, munene chimene mwadzera, mupereke kangachepe, akupatseni mkulu wodziwa malo. Safunsa anadya phula, achimwene: mkulu wa m'mudzi adzakulozerani m'mawa umodzi chimene inu nokha mungachifune sabata yathunthu. Mukatero mukhoza kupatukiranso ku Chongoni mukaone zojambula za pamiyala, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006.

Nyamulani chitupa cha unzika. Musawoloke dala: anthu a m'midzi ya m'malire amadziwika ndipo amalekereredwa, koma inu wa m'tauni mukakumana ndi olondera malire a ku Mozambique mulibe chikalata, mudzagona kumene simunakonzekere. Mukafuna kuona tsidya linalo, dzerani pachipata cha Dedza ndi pasipoti kapena border pass. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, komabe chitsulo chilichonse chadzimbiri chimene mungachione m'tchire la m'malire musachigwire, muuze wokuperekezaniyo. Bikoni mukaipeza ijambuleni, lembani nambala yake ndi mmene ilili, ndipo ngati ndi yogumuka kapena yokumbidwa mukanene kwa mfumu ndi ku ofesi ya oyeza malo. Za malipiro a wokuperekezani mugwirizane musananyamuke, pamaso pa nyakwawa, ndipo nsima ya masana ikhale ya nonse.